CHUMA CHA MAKAMPANI PA NTHAWI YA NGOZI: AMAANAH YODUTSA M'MANJA ATATU

Khutba ya Jumu'ah, boma la Chifunde, chigawo cha Tete

KHUTBA YOYAMBA

Kuyamikidwa konse n'kwa Allah, Mwini thambo ndi nthaka, Yemwe amagwetsa mvula pa muyeso umene Wafuna ndi kuimanga pa nzeru zimene Iye yekha akuzidziwa. Tikumuyamika pa zokolola zathu, ndipo tikumuyamikanso pa mayesero athu. Tikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa m'choonadi koma Allah yekha, ndipo tikuikira umboni kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndi Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa akubanja lake, pa Maswahaaba ake, ndi pa onse owatsatira mu zabwino mpaka Tsiku la Qiyaamah.

Pambuyo pa izi, inu akapolo a Allah: tikudzilangiza ife eni choyamba, kenako inu, kuti timuope Allah mobisika ndi moonekera, pakuti kumuopa Iye ndiye kamba wa pa ulendo umene tonse tikuyenda.

Abale ndi alongo olemekezeka, chigawo chathu cha Tete sichifuna kuuzidwa kuti ngozi n'chiyani. M'mwezi wa Marichi 2019, mtsinje wa Revubue unasefukira usiku n'kulowa m'nyumba za anthu ku Chingodzi ndi m'madera oyandikana nawo, ndipo patangopita masiku ochepa namondwe wa Idai anagwera mzinda wa Beira, kupha anthu opitirira 600 m'dziko lathu lokha. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula mlatho wa pa Revubue, ndipo madzi omwewo anatenga moyo wa administrador wa boma la Tete, José Maria Mandere, ali pa ntchito yoyendera malo okhudzidwa. Mu 2023 namondwe wa Freddy anatigwera kawiri, ku Vilankulo mu Febuluwale ndi ku Quelimane mu Marichi, kenako anakwirira midzi ya abale athu a ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe ku Malawi. Matope asanaume m'mitima, kunabwera chilala cha nyengo ya 2023 ndi 2024, chimanga chinapserera m'minda chisanamasule.

Ngozi iliyonse ikagwa, timaona magalimoto akuluakulu atanyamula ufa, mafuta ophikira, zofunda ndi malona. Pa matumba pamakhala dzina la bungwe lothandiza, ndipo kawirikawiri pambali pake pamakhala chizindikiro cha kampani imene yapereka ndalama. Ena mwa ife amafunsa ngati n'kololedwa kulandira thandizo lotere. Ena amafunsa ngati kampani imapeza malipiro kwa Allah pamene ikulengeza pa wailesi zimene yapereka. Ndipo ambiri amafunsa, mtima uli wowawa, chifukwa chimene thumba limachokera ku Tete lodzaza koma n'kufika ku Mualadzi kapena ku N'sadzu litaphwa. Mafunso onsewa yankho lake lagona pa mawu amodzi: amaanah. Thandizo ndi chinthu chosungitsidwa, ndipo limadutsa m'manja atatu: dzanja lopereka, dzanja logawa ndi dzanja lolandira. Dzanja lililonse lidzafunsidwa.

Tiyambe ndi dzanja lopereka.

Chisilamu sichinayambe chaonapo malonda ngati chinthu chonyansa. Mayi wathu Khadijah, Allah asangalale naye, anali mwini malonda wotumiza katundu ku Shaam. Uthman bin Affan ndi Abdurahman bin Auf, Allah asangalale nawo, anali ndi chuma chimene lero tikanachitcha makampani. Koma chipembedzo chathu chimatiphunzitsa kuti mwini chuma weniweni ndi Allah, munthu wangopatsidwa kuti achiyang'anire, ndipo m'chuma chimenecho muli gawo lodziwika la wopempha ndi la wosowa amene sapempha.

Olemba mbiri amasimba kuti m'nthawi ya Khalifa Abu Bakr munagwa njala mu Madinah. Mtengatenga wa ngamira za Uthman utafika kuchokera ku Shaam ndi chakudya chochuluka, amalonda a mumzindamo anamuzungulira, aliyense akukweza mtengo kuti agule katunduyo. Uthman anakana mitengo yonseyo powauza kuti alipo Yemwe wamulonjeza phindu lopambana lawo, kakhumi pa chimodzi, ndipo anagawa katundu yense kwa osauka. Uthman yemweyo ndi amene anagula chitsime cha Ruma, chimene madzi ake ankagulitsidwa, n'kuchisandutsa waqf kuti aliyense azitunga mwaulere. Taonani nzeru ya wamalonda ameneyu: pa njala anapereka chakudya cha tsikulo, koma pa madzi anapereka chinthu chokhalitsa. Kampani yofuna kuthandiza iphunzire zonse ziwiri.

M'masiku athu ano zitsanzo zilipo. Bungwe la Gift of the Givers, limene Dr. Imtiaz Sooliman anayambitsa ku South Africa mu 1992, limayenda ndi zopereka za anthu wamba ndi za amalonda, ndipo linafika kwa okhudzidwa ndi Idai komanso Freddy. Dr. Abdulrahman Al-Sumait wa ku Kuwait anayamba ntchito yake atakhudzidwa ndi umphawi wa Asilamu a ku Malawi, ndipo ntchitoyo inakula kukhala Africa Muslims Agency, yokumba zitsime ndi kulera ana amasiye m'mayiko ambiri a mu Africa. Palinso makampani amene sapereka ndalama zokha koma luso lawo. Idai itadutsa, kampani yonyamula katundu ya DHL inatumiza antchito ake ku bwalo la ndege la Beira kukathandiza kutsitsa ndi kusanja katundu wa chithandizo amene ankafika mochuluka. Ndege ikhoza kubweretsa matani a mankhwala, koma popanda wodziwa kuwasanja, amaonongekera pabwalo pomwepo pamene odwala akudikira.

Kodi tsono n'kololedwa kulandira thandizo kwa kampani imene eni ake si Asilamu? Inde, n'kololedwa. Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, analandira mphatso kwa Muqawqis, wolamulira wa ku Egypt yemwe sanali Msilamu. Anayamikiranso pangano la Hilful Fudhul, limene anthu a ku Makkah anapangana Chisilamu chisanadze kuti aziimira woponderezedwa. Chabwino ndi chabwino ngakhale chichokere kwa amene sapemphera nafe, ndipo amene sathokoza anthu sangathokoze Allah. Chokhacho chimene sitingalole ndi thandizo lofuna kusinthanitsa ndi chikhulupiriro chathu kapena ulemu wathu.

Nanga kupereka kolengeza? Surat Al-Baqarah, ndime 271, ikutiphunzitsa kuti sadaka yoonekera ndi yabwino, koma yobisika ndi yabwino koposa. Kulengeza kuli ndi malo ake: kumalimbikitsa ena kupereka, ndipo kumathandiza kuti anthu adziwe kuchuluka kwa zimene zaperekedwa, wakuba asapeze pobisala. Koma Surah yomweyo, ndime 264, ikuchenjeza kuti sadaka imafafanizika ndi kukumba komanso kupweteka mtima wa wolandira, ndipo ikuyerekeza wopereka modzionetsera ndi thanthwe lokutidwa ndi dothi lochepa limene mvula yamphamvu imakokolola. Ife a ku Chifunde fanizo limeneli timaliona ndi maso m'mapiri mwathu. Choncho mayi wokalamba akaimikidwa padzuwa kuyambira m'mawa kudikira kuti wojambula zithunzi afike, akapatsidwa thumba kuti aligwire pamaso pa kamera misozi ili m'maso, dziwani kuti pamenepo pagulidwa mbiri ya kampani ndi ulemu wa mayiyo. Mtumiki anatichenjeza kuti mwa anthu oyamba kuweruzidwa pa Tsiku la Qiyaamah mudzakhala wachuma yemwe anapereka zambiri n'cholinga choti anthu azimutcha wopatsa.

Pali chinthu china cholemera kuposa ichi, inu akapolo a Allah. Sadaka siilowa m'malo mwa chilungamo. Chigawo chathu n'cholemera: magetsi a Cahora Bassa ku Songo amaunikira mpaka ku South Africa, malasha a ku Moatize amawoloka nyanja, ndipo mbewu za alimi a ku Chifunde, Macanga ndi Angónia zimadzaza nyumba zosungiramo katundu. Tonse tikukumbukira kuti mabanja amene anasamutsidwa pa malo a mgodi wa malasha kupita ku Cateme anatseka njanji mu Januwale 2012 pofuna kuti zimene analonjezedwa zikwaniritsidwe. Phunziro lake ndi la aliyense wochita malonda, wamkulu ndi wamng'ono yemwe. Amene akugula mbewu ayambe wakonza sikelo yake. Amene walemba antchito ayambe wawalipira thukuta lisanaume. Amene walonjeza mudzi ayambe wakwaniritsa. Mlimi wolipidwa mtengo woyenera amamanga nyumba yolimba ndi kusunga chimanga, ndipo namondwe akabwera safunika kuima pa mzere. Allah ndi Woyera, ndipo salandira koma choyera. Kulanda ndi dzanja lamanja m'nyengo yokolola n'kudzabweza pang'ono ndi lamanzere m'nyengo ya njala si sadaka ayi, ndi ngongole imene yangobwezedwa theka.

Lonjezo nalonso ndi ngongole. Pa msonkhano wa opereka thandizo umene unachitikira ku Beira kumapeto kwa Meyi ndi kumayambiriro kwa Juni 2019, kunanenedwa kuti kumanganso madera oonongeka kukufunika madola 3.2 biliyoni, koma zolonjezedwa zinakwana pafupifupi 1.2 biliyoni. Ngati malonjezo enieniwo anali ochepa chotero, tingalole bwanji kuti ochepawo azichedwanso kapena kutayika panjira?

Apa ndiye tafika pa dzanja lachiwiri, dzanja logawa.

Kampani kawirikawiri siifika yokha pamudzi. Imapereka kudzera ku INGD, nthambi ya boma yoona za ngozi imene kale tinkaidziwa kuti INGC, kapena ku Cruz Vermelha de Moçambique, kapena ku mabungwe a zipembedzo. Mabungwe amenewa nawonso amadalira ife: mafumu, alembi a m'midzi, makomiti oona za ngozi, ndi akuluakulu a mizikiti. Dzanja lachiwiri, abale anga, nthawi zambiri ndi lathu.

M'chaka cha 18 cha Hijrah, chilala chachikulu chinagwa ku Hijaz, chaka chimene chimatchedwa Ramaadah chifukwa nthaka inaoneka ngati phulusa. Khalifa Umar bin Al-Khattab, Allah asangalale naye, analembera abwanamkubwa ake, ndipo chakudya chinabwera kuchokera ku Shaam. Koma chimene chinapulumutsa anthu si kuchuluka kwa ngamira kokha. Umar anasankha amuna odalirika oyang'anira magulu a anthu othawira ku Madinah, ankalandira malipoti a kuchuluka kwa odyetsedwa, ndipo iye mwini analeka kudya nyama ndi mafuta a mkaka mpaka khungu lake linasintha, pofuna kuti amve zimene anthu ake akumva. Wogawa woona amadya pomalizira.

Kumbukiraninso nkhani ya Ibn Al-Lutbiyyah, amene Mtumiki anamutuma kukasonkhanitsa Zakaat. Pobwerera anapatula katundu wina ponena kuti ameneyo anapatsidwa ngati mphatso yake. Mtumiki anakwera pa mimbari n'kudzudzula mchitidwewo poyera, nafunsa ngati mphatsoyo ikanamupeza akanakhala phee m'nyumba ya makolo ake, ndipo anachenjeza kuti wotenga chotere adzachisenza pakhosi pa Tsiku la Qiyaamah. Iwe amene wapatsidwa kaundula, ukalemba dzina la mlamu wako amene nkhokwe yake ndi yodzaza n'kusiya mkazi wamasiye, dziwa kuti thumba limenelo udzalisenza. Iwe amene ukuchotsa mbale imodzi pa thumba lililonse n'kumati ndi ya kutopa kwako, mbale zimenezo zikuwerengedwa.

Ndipo pali tchimo limene lilime limalemera kulitchula pa mimbari, koma kukhala chete n'koipa kuposa. Idai itadutsa, bungwe la Human Rights Watch linafalitsa mu Epulo 2019 umboni wa amayi a m'boma la Nhamatanda amene anakakamizidwa kupereka matupi awo kwa ena mwa atsogoleri a m'madera kuti mayina awo alembedwe pa chakudya. Inna lillahi wa inna ilaihi raji'un. Mwamuna wogwiritsa ntchito njala ya mwana pofuna kunyazitsa mayi wake waphatikiza chinyengo, kupondereza ndi chiwerewere m'tchimo limodzi. Zimenezi zisadzamveke m'boma lathu lino, ndipo amene wazimva asabise.

Dziwaninso kuti chinyengo cha wogawa mmodzi chimatseka khomo la anthu zikwizikwi. Kampani ikamva kuti zimene inapereka zikugulitsidwa pamsika, chaka chotsatira imabweza dzanja, ndipo wovutika ndi mwana amene sanabe kanthu.

Tikunena mawu athu awa, ndipo tikupempha chikhululuko kwa Allah pa ife ndi pa inu. Mupempheni chikhululuko, pakuti Iye ndi Wokhululuka, Wachisoni.

KHUTBA YACHIWIRI

Kuyamikidwa konse n'kwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake, akubanja lake ndi Maswahaaba ake.

Inu akapolo a Allah, latsala dzanja lachitatu, dzanja lolandira. Kulandira thandizo pa nthawi ya ngozi si manyazi. Koma wolandira nayenso ali ndi amaanah. Asalembetse dzina lake kawiri, asaonjezere chiwerengero cha ana ake, asanene kuti nyumba yake yagwa pamene ili chiimire. Amene Allah wamusungira nkhokwe yake apatuke pa mzere kuti mnzake adutse. Qur'an yolemekezeka, mu Surat Al-Hashr ndime 9, ikutamanda ma Answaar chifukwa ankatsogoza abale awo ngakhale iwo eni anali osowa.

Tsono tisaganize kuti khutba iyi ikunena za makampani a ku Maputo ndi ku Moatize okha. Pakati pathu pano pali eni masitolo, eni zigayo, eni magalimoto oyenda pa msewu wa ku Cassacatiza, ogula mbewu ndi ogula golide. Makampani a Chifunde ndinu. Mlatho ukaduka, galimoto ya kutali imatenga masiku kuti ifike, koma sitolo yanu ili pomwepa.

Udindo wanu woyamba ndi Zakaat, imene si chifundo chanu koma lamulo la Allah. Wamalonda amene katundu wake wogulitsa pamodzi ndi ndalama zake zafika pa nisaab, yomwe ndi mtengo wa magalamu 85 a golide, ndipo chaka chatha, apereke 2.5 pa 100 iliyonse, kutanthauza ma meticais 25 pa 1,000 aliwonse. Mlimi wa chimanga chodalira mvula, zokolola zake zikafika pa muyeso wa ma wasaq asanu, womwe ndi makilogalamu pafupifupi 650, apereke gawo limodzi mwa magawo khumi. Wothirira movutikira apereke theka la zimenezo. Zakaat ili ndi magulu ake asanu ndi atatu otchulidwa mu Surat At-Tawbah ndime 60. Koma sadaka ndi yotambasuka: imafika kwa mnansi wa Chikhristu ndi kwa wotsatira miyambo ya makolo, pakuti madzi osefukira safunsa chipembedzo, ndipo Surat Al-Mumtahanah ndime 8 ikutilola kuchitira zabwino ndi chilungamo onse okhala nafe mwamtendere.

Udindo wachiwiri ndi kupewa ihtikaar, kubisa chakudya podikira kuti mtengo ukwere pamene anthu akuvutika. Mtumiki anamutcha wochita zimenezi kuti ndi wochimwa. Phindu lopezedwa pa kulira kwa ana lilibe baraka.

Udindo wachitatu ndi kukonzekera. Mneneri Yusuf, mtendere ukhale pa iye, sanadikire kuti njala ifike. Analangiza kuti zokolola za zaka zisanu ndi ziwiri za dzinthu zisungidwe m'ngala zake, ndipo Egypt inadyetsa ngakhale mayiko oyandikana nayo. Thandizo lofika ngozi isanagwe ndi lotsika mtengo ndipo limapulumutsa ambiri. Mtumiki anayamikiranso a fuko la Ash'ari, amene chakudya chikachepa ankasonkhanitsa chimene aliyense ali nacho pa nsalu imodzi n'kugawana mofanana. Makolo athu anati mutu umodzi susenza denga, anatinso chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Choncho tikupempha mzikiti uliwonse m'boma lino kuti mvula isanafike pachimake uchite zinthu izi. Usankhe anthu odziwika ndi kukhulupirika, amuna ndi akazi, oyang'anira nkhokwe ya mzikiti, ndipo wosunga kiyi asakhale yemweyo wosunga kaundula. Amalonda alembetse lero zimene angathe kupereka: uyu matumba a chimanga, uyu kugayitsa mwaulere, uyu galimoto ndi mafuta ake. Kaundula wa amasiye, okalamba ndi olumala akonzedwe tsopano, mogwirizana ndi mafumu ndi komiti ya ngozi ya m'dera lanu, osati pa tsiku limene galimoto yafika. Chilichonse cholandiridwa, kaya chachokera ku kampani, ku bungwe kapena kwa m'bale wotumiza pa M-Pesa kapena e-Mola, chiwerengedwe pamaso pa mboni ndipo chilengezedwe pambuyo pa Swala ya Jumu'ah. Pogawa pakhale amayi oyang'anira mzere wa amayi anzawo, ndipo munthu asajambulidwe popanda chilolezo chake. Tikachita zimenezi, tidzatha kuima pamaso pa kampani iliyonse ndi kuiuza mopanda mantha kuti chimene mungapereke pano chifika, ndipo tidzakhalanso ndi nkhope yoifunsa kuti ichite chilungamo kwa alimi ndi antchito athu.

O Allah, dalitsani Mtumiki Wanu Muhammad ndi kumupatsa mtendere. O Allah, khululukirani abale athu amene anatengedwa ndi madzi ndi matope, ndipo limbitsani mitima ya otsala. O Allah, tipatseni mvula yachifundo, osati yoononga, yodzaza nkhokwe popanda kugumula nyumba. O Allah, fewetsani mitima ya achuma athu, yeretsani zolinga za opereka, tetezani manja a ogawa ku chinyengo, ndipo sungani ulemu wa olandira. O Allah, patsani dziko lathu la Mozambique mtendere, tetezani abale athu a ku Cabo Delgado, ndipo ongolani atsogoleri athu ku chilungamo. Tipatseni zabwino za dziko lino ndi za Tsiku Lomaliza, ndipo titchinjirizeni ku chilango cha Moto. Aameen.

Inu akapolo a Allah, mukumbukireni Allah, Iye akukumbukirani. Muthokozeni pa mitendere Yake, akuonjezerani. Imirirani ku Swala.